Bokosi timasonkherana, nanga mankhwala bwanji?

Mumsika mmene ndimachita geni muli buku lina la chikuto chakuda limene aliyense amalidziwa. Limasungidwa ndi a tcheya. Bukuli likatuluka sitifunsanso kuti kwagwanji, timangofunsa kuti ndani. Limayenda benchi ndi benchi, kuchokera kwa a tomato, kudutsa kwa a usipa, mpaka kwa ife a kaunjika, ndipo dzuwa lisanapendeke ndalama ya bokosi yakwana, ya galimoto yakwana, ya ufa ndi nkhuni yapezeka. Pa nkhani ya maliro, a Malawi anzanga, palibe angatiphunzitse. Ndife akatswiri.

Chaka chatha bukuli linayendera bambo ena ogulitsa zitsulo amene tonse tinkangowatchula kuti a malume. Ankadwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa miyezi yambiri tinkawaona akuwonda, miyendo ikutupa, ndipo tinkadziwa kuti mankhwala akumwa modumphitsa chifukwa nthawi zina kuchipatala ankawauza kuti atha, akagule okha. Nthawi yonseyo palibe anatulutsa buku. Tsiku limene anatisiya, ndalama imene tinasonkha inali yoti ikanawagulira mankhwala kwa miyezi yambirimbiri. Ndinaponya yanga, ndinaimba nawo kumanda, koma pobwerera mu lole muja funso linandikhala pakhosi: bwanji ife munthu timam'konda akatseka maso?

Funsoli silikanandivuta chotere ndikanapanda kulawako ndekha. Ine ndili ndi zaka 27. Sukulu ndinapitako, pepala ndili nalo, koma ntchito inasowa ndiye ndinalowa mu geni ya kaunjika monga achitira anzanga ambiri. Miyezi ingapo a malume asanamwalire, ndinakwera njinga yamoto ya kabaza mbandakucha kuti ndikaode belo anzanga asanasankhe zabwino. Pa mphambano ina tinakumana ndi minibasi. Wa kabaza anangosupuka m'zigongono, koma ine mwendo unathyoka.

Ananditengera ku chipatala china cha boma. Anamwino anandilandira bwino, sindinganame. Koma makina ojambulira anali atafa, ndiye anati ndikajambulitse kwina. Mankhwala ena ochepetsa ululu analipo, ena anandilembera pa kapepala kuti ndikagule ku famase. Mlongo wanga anatseka benchi yake kuti akhale gadiyani. Kuwerengera galimoto ya hayala, chakudya, ndodo zoyendera ndi maulendo okaonetsa chikhakha, ndalama yonse ya belo ija inapita. Lendi itakwana ndinakakongola katapila. Mwendo unapola pa miyezi itatu, koma ngongole inanditsata chaka chathunthu.

Ndikudziwa kuti wina akuti kumtima kwake, "Iwe, chipatala cha boma si chaulere kodi?" Inde ndi chaulere, ndipo chimenechi ndi chinthu chonyaditsa chimene maiko ambiri alibe. Munthu amalowa ku Gulupu, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu popanda kufunsidwa ndalama pa khomo. Ma ARV akhala akuperekedwa ulere kuyambira 2004, katemera wa ana ndi waulere, mankhwala a TB ndi aulere. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinawalandira mu 1994, likuti boma liyesetse kupereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira. Koma amene anagonapo mu wodi akudziwa kuti chaulere ndi bedi ndi dokotala; zotsalazo zimadalira kuti mwezi umenewo m'nkhokwe muli chiyani.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mu 2001, atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti dziko lililonse lizipatula 15 peresenti ya bajeti yake kupita ku zaumoyo, koma m'zaka zaposachedwapa bajeti yathu yakhala ikuperewera pa mlingo umenewo. Kwa nthawi yaitali gawo lalikulu la ndalama za zaumoyo lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo tonse tinaona mmene mitima inadumphira mu Januwale 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lake. Onjezani apo kuti mankhwala ambiri timagula kunja, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa kwa eni angathe kuuluka ndi mphepo tsiku lililonse.

Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno, koma kumeneko n'kolipira. Boma lili ndi mapangano ndi zina mwa izo kuti anthu ena azithandizidwa ulere, makamaka amayi oyembekezera ndi ana. Mnyamata wothyoka mwendo ngati ine kawirikawiri sakhala pa mndandanda umenewo. Za zipatala za pulaiveti ndiye tisachite kunena, kungoonana ndi dokotala kokha phindu la sabata lapita.

Nditachira ndinalumbira kuti zimenezi zisadzandichitikirenso. Ambirife tikamva za inshuwaransi ya zaumoyo timangoti MASM, dzina la bungwe la Medical Aid Society of Malawi, ngati mmene mankhwala alionse otsukira mano timawatchulira Colgate. Koma masikimu otere alipo angapo, ena a makampani a inshuwaransi, ena a zipatala. Ndinavala malaya abwino n'kuyenda maofesi atatu. Maina sinditchula, pakuti vuto si la kampani imodzi.

Pa ofesi yoyamba mayi wina waulemu wake anandifunsa kuti, "Achimwene, mumagwira ntchito kuti?"

Ndinati, "Ndimachita geni, mayi."

"Ndiye kuti muzilipira nokha zonse?"

Apo m'pamene ndinazindikira pamene pagona nkhani. Mnzanga wa pa ofesi, amene tinali kalasi imodzi, abwana ake amam'lipirira gawo la ndalamayo, ndipo yotsalayo amam'dula asanaione n'komwe. Ine ndiyenera kusenza yonse, mwezi ndi mwezi, ngakhale mu Febuluwale pamene msika umakhala uli zii. Mtengo umene ananditchulira wa sikimu yooneka bwino unali wopikisana ndi lendi ya chipinda changa. Yotsika mtengo inalipo, koma nditafunsitsa ndinapeza kuti zimene ndimaziopa kwambiri, monga opaleshoni yaikulu, inali ndi malire afupi zedi.

Ndiye n'chifukwa chake sindinadabwe nditamva kuti kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, okhala ndi inshuwaransi ya zaumoyo sankapitirira awiri. Zinthuzi anazisokera anthu a malipiro a pa mwezi, pamene ambirife timadya za tsiku limenelo. Malaya asokeredwa wina, ife tikungouzidwa kuti tiyese.

Komabe ulendo wanga sunapite pachabe. Safunsa anadya phula, ndiye ine ndinafunsa mpaka anatopa nane. Zimene ndinatolako ndi izi, ndipo aliyense wofuna kulowa sikimu azifunse asanasaine.

Choyamba, funsani za nthawi yodikira. Simungalipire lero n'kukagonekedwa mawa. Masikimu ambiri amakudikiritsani miyezi ingapo, ndipo pa uchembere ndi matenda amene munali nawo kale nthawiyo imatalika. Alongo anga, mfundo imeneyi ndi yanu: kulowa muli kale oyembekezera kungakhale kungotaya ndalama.

Chachiwiri, funsani za ndalama yowonjezera, imene eni ake amaitcha shotifolo. Khadi silitanthauza kuti mutuluka m'chipatala osapisa m'thumba. Nthawi zambiri sikimu imalipira gawo, inu n'kumalizitsa. Funsani kuti pa mankhwala mumaonjezera zingati, pa kujambula zingati, pa kugonekedwa zingati.

Chachitatu, funsani malire a pa chaka ndiponso zipatala zimene zimalandira khadilo. Khadi logwira ntchito mumzinda mokha silikuthandizani mukadwalira kumudzi kapena pa ulendo wokaoda katundu ku Karonga. A geni yodutsa malire afunsenso ngati limagwira ku Tanzania, ku Zambia kapena ku Johannesburg.

Chachinayi, funsani chimene chimachitika mukadumphitsa mwezi. Kwa ife a geni funso lalikulu ndi limeneli. Ena amakuimitsani nthawi yomweyo, ndipo mukabwerera mungayambirenso kudikira ngati mlendo.

Chachisanu, dziwani chimene mukugula. Pali inshuwaransi ina yotsika mtengo imene silipira dokotala ayi, koma imangokupatsani kandalama pa usiku uliwonse umene mwagona m'chipatala. Si yoipa, kwa munthu wodalira chipatala cha boma ingathe kugula chakudya ndi kulipira lendi benchi ili yotseka. Koma musaisokoneze ndi sikimu yolipira chithandizo. Ndipo ya maliro ndi ya maliro basi, siigula ngakhale panado.

Inu ophunzira, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya mavenda okha. Ena mwa inu muli pa khadi la bambo kapena mayi, ena koleji imakudulani ndalama ya chipatala pamodzi ndi fizi. Kodi munafunsapo kuti zimenezi zimatha liti? Masikimu amakhala ndi msinkhu umene mwana amachotsedwa pa khadi la makolo, ndipo ya pa koleji imathera pa geti. Tsiku limene mukuvala gauni n'kujambulitsa ndi azakhali ndi tsiku lomwelo limene ambulera imachoka pamutu panu. Pakati pa gauni ndi ntchito yoyamba pangathe zaka, ndipo malungo sayembekeza kuti muyambe mwaitanidwa ku intavyu.

Tsono tichite chiyani? Apa ndi pamene ndikubwerera ku buku lakuda lija. Inshuwaransi si matsenga a azungu. Ndi buku lomwe lija, kungoti limayenda tsoka lisanagwe. Anthu ambiri amaponya pang'onopang'ono, ochepa amadwala, ndipo ndalama ya ambiri imachiza ochepawo. Kampani imaopa munthu wobwera yekha chifukwa imaganiza kuti wabwera atamva kale kupweteka m'thupi. Ndicho chifukwa chake imam'dikiritsa ndi kum'kwezera mtengo. Koma gulu la anthu 200 silingadwale lonse mwezi umodzi. Ndipo gulu lodzaza achinyamata ndi limene kampani iliyonse imalilakalaka, pakuti achinyamata amasonkha kwambiri kuposa mmene amadwalira. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la a Malawi ndi osakwana zaka 18. Unyamata wathu ndi katundu wa mtengo wake, koma tikumugulitsa mmodzimmodzi ngati tomato wotsala madzulo.

Tiyeni tiyerekeze. Anthu 200 a mumsika umodzi, aliyense akuponya K2,000 pa sabata, ndi K400,000 pa sabata. Pa chaka ndi K20.8 miliyoni. Munthu mmodzi wa K2,000 akalowa mu ofesi amam'patsa kapepala kuti akawerenge kunyumba. Koma komiti yonyamula K20.8 miliyoni amaipatsa mpando ndi tiyi. Komiti yotereyo ingathe kukambirana mtengo wa gulu, ingapemphe kuti kusonkha kukhale kwa pa sabata kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ingathenso kupita ku chipatala cha mishoni chapafupi n'kupangana nacho za mamembala ake. Mutu umodzi susenza denga.

Njira zosonkhera tili nazo kale. Tili ndi banki m'khonde, tili ndi chipereganyu, tili ndi ma SACCO, tili ndi mabungwe a kabaza, a minibasi ndi a ophunzira. M'mabanki m'khonde ambiri muli kale kathumba ka zadzidzidzi. Chimene chikusowa ndi kukakuza kathumbako ndi kukalembera malamulo omveka.

Koma ndisakunamizeni kuti thumba la gulu lingathe zonse. Malungo, chibayo, chilonda, kujambula ndi mankhwala a mwezi ndi mwezi, zimenezo lingathe. Koma munthu mmodzi wofunika opaleshoni yaikulu kapena wodwala impso angathe kulikokolola lonse mwezi umodzi. N'chifukwa chake ndikuti thumba la gulu ligwire zing'onozing'ono, ndipo zikuluzikulu tizipereke kwa a inshuwaransi amene ali ndi thumba lakuya, kapena zitsalire chipatala cha boma monga kale.

Ndikudziwanso chimene chikukuvutani, chifukwa inenso chimandivuta: ndani asunge ndalamazo? Tonse tikudziwa nkhani ya msungichuma amene anasowa mu Disembala anthu atatsala pang'ono kugawana. Ndiye ndalama isagone m'nyumba ya munthu. Ikhale ku banki kapena ku SACCO, osainira akhale atatu, ilipidwe ku chipatala osati m'manja mwa wodwala, ndipo mwezi uliwonse malisiti awerengedwe pa gulu, mokweza, ngati mmene timawerengera za chipepeso.

Ena amati, "Nanga ndikapanda kudwala chaka chonse, ndalama yanga yapita?" Abale anga, mukaponya ya maliro mumadandaula kuti simunafe? Ndalama yanu yachiza mnzanu wa benchi yoyandikana, ndipo mwagula tulo. Enanso amati kukonzekera matenda ndi kudziitanira tsoka. Koma minibasi imene inandigunda ija inali ndi inshuwaransi, pakuti lamulo silola galimoto kuyenda pamsewu popanda pepala limenelo. Palibe amati mwini minibasi akuitana ngozi. Chitsulo chili ndi pepala, koma kondakitala wolendewera pa chitseko alibe. Kodi chofunika kwambiri n'chiti?

Mawu anga otsiriza apite kwa a boma ndi aphungu athu. Nkhani ya inshuwaransi ya zaumoyo ya dziko lonse yakhala ikukambidwa m'misonkhano kwa zaka zambiri, koma ife a mumsika khadi lake sitinalionepo. Anzathu anayamba kale. Ku Rwanda anayamba kuyesa masikimu a m'midzi mu 1999, ndipo anafika poti anthu ochuluka zedi ali m'menemo, osaukitsitsa boma likuwalipirira. Ku Ghana anakhazikitsa lamulo mu 2003, n'kuika msonkho wa 2.5 peresenti pa malonda kuti uzithandiza thumbalo. Pafupi pompano ku Zambia, lamulo linadutsa mu 2018 ndipo bungwe la NHIMA linayamba kutolera mu 2019, wantchito 1 peresenti, bwana 1 peresenti.

Sikuti kumeneko zonse zili myaa. Ku Ghana ndi ku Zambia zipatala zakhala zikudandaula kuti thumba limachedwa kuzilipira, ndipo kutolera ndalama kwa anthu a geni n'kovuta kulikonse. Koma iwo akulimbana ndi mavuto a nyumba imene anamanga, pamene ife tikadali pa mapulani. Kuti lamulo lingathe kukakamiza kusonkha tinaziona kale: lamulo la penshoni la 2011 linati bwana aziponya 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ngati tinatha kusonkhetsa anthu za ukalamba, tingalephere bwanji za matenda, amene amatha kum'peza munthu ukalamba usanafike?

Koma tichenjezane. Anthu amene anaona Cashgate mu 2013 sangaponye ndalama m'thumba la boma mwachimbulimbuli. Thumba lotero likhale loima palokha, mabuku ake aziwerengedwa poyera chaka ndi chaka, ndipo mu bodi mwake mukhale oimira mavenda, alimi ndi ophunzira, osati mabwana okhaokha. Chinanso, lisakhale njira yozembera yothetsera chithandizo chaulere. Mayi wa kumudzi wopanda khadi asadzabwezedwe pa geti. Ndipo amene asonkha aone kusintha: mankhwala pa shelefu, makina ojambulira akugwira ntchito. Apo ayi, udzangokhala msonkho wina wovala gauni yoyera.

Mwina mukufunsa kuti ineyo ndinathera pati. Sikimu yaikulu ija sindinaikwanitse, ndisaname. Ndinayamba ndi kupatula kandalama sabata iliyonse pa nambala ina ya foni imene sindiigwiritsa ntchito pa geni. Ndi kochepa, koma ndi koyamba. Kenaka ndinapita kwa a tcheya.

Ndinati, "A tcheya, bwanji tigule buku lachiwiri?"

Anandiyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, loyambali ladzadza kodi?"

Ndinati, "Ayi bambo, ndikufuna lichedwe kudzadza."

Anaseka, kenaka anakhala chete kanthawi, pakuti a malume aja anali mnzawo wa kalekale. Anati nkhaniyi ndikaitule pa msonkhano wa mwezi uno. Ena adzakana, ena adzati ndikufuna kudya ndalama zawo, ena adzati tiyambe taona. Zonsezo ndazikonzekera.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pa benchi, pa siteji ya kabaza kapena mu hositelo, kafunseni kwanuko funso lomweli. Tsoka silinunkha, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bokosi tidzasonkherana ndithu, umenewo ndi umunthu wathu ndipo tisausiye. Koma tiyeni tiyambe kusonkherana munthu akadali ndi mpweya woti n'kunena kuti zikomo.